Mjapani Amene Anatichotsa ku Tafara

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake Esinati yekha anabadwira m'nyumba yathuyathu ku Tafara, pamene enanu munabadwira m'chipinda cha lendi ku Dzivarasekwa. Mayi anu akamva funso limeneli amangoti, "Afunseni bambo anu ndi mlendo wawo," basi n'kutuluka panja. Ine ndakhala ndikulizemba, osati chifukwa cha manyazi, koma chifukwa mpaka lero nkhaniyi sindinaimvetse bwinobwino. Tsiku lina mdzukulu wanga anandiwerengera pa foni yake kuti achinyamata a ku Japani masiku ano sakonda kwenikweni kukaphunzira kunja monga ankachitira akuluakulu awo. Ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola. Ndinati mwina anamva zimene zinamuonekera mnzawo kuno.

1964 mpaka 1969

Ntchito yanga yoyamba mu Salisbury, amene lero mumati Harare, inali yosesa m'nyumba zogona ophunzira pa koleji ina yaikulu. Ndinailowa ndili mnyamata wongofika kumene kuchokera ku Dedza, ndipo ndinaituluka ndili ndi imvi. Bwana wathu anali dona wina wamtali amene tinkamutcha Namakiyi, chifukwa ankamveka ali patali ndi mtolo wa makiyi m'chiuno. Sanali munthu wankhanza, koma anali ndi lamulo limodzi limene anandiuza tsiku loyamba: wantchito wabwino safunsa mafunso. Akati sesa apa, usese. Akati tseka apo, utseke. Lamulo limeneli ndinalisunga bwino kwambiri, mwina kupitirira muyeso.

Kuwonjezera pa kusesa, ine ndinali wonyamula masutikesi. Ndiye ngati pali munthu amene ankadziwa mmene ophunzira akunja ankabwerera ndi kupitira, ndi msana wangawu. Poyamba ankabwera ambiri, a ku Mangalande, a ku India, a kwathu ku Malawi ndi a ku Zambia. Koma boma la azungu litadzilengezera ufulu mu 1965, mayiko ena n'kulitsekera malonda, masutikesi anayamba kutuluka okhaokha. Zinthu nazo zinayamba kusowa. Polishi wapansi tinkamusungunula ndi parafini kuti akwane mwezi, babu ikapsa pakhonde tinkakazula ya m'chipinda chopanda munthu, ndipo mafuta a galimoto ankagulidwa ndi makuponi. Namakiyi ankayenda akununkhiza pansi n'kumati, "Mbewe, parafini wachuluka." Ine ndinkati, "Inde, dona," ndipo mawa lake ndinkathira yemweyo.

Mu 1969, nditakwatira mayi anu, Namakiyi anandisainira kuti ndipeze nyumba ya khonsolo ku Tafara. Inu amene munabadwira m'dziko muno simungadziwe chimene nyumba imeneyo inali kwa munthu wobwera ngati ine. Zipinda ziwiri, khitchini, mpope panja, ndi chitseko chimene ndinkatseka ndekha. Ndinabzala mtengo wa mapeyala kumbuyo. Koma nyumbayo inali ndi malamulo ake, ndipo mwini malamulo anali mzungu woyang'anira lokeshoni, amene tonse tinkamutcha Katsekera. Wogona m'nyumba popanda chilolezo akapezeka, nyumba imalandidwa. Aliyense ankalidziwa limeneli, ngakhale mwana.

1975, kuyamba kwa nyengo yachisanu

Pa koleji panali mphunzitsi wina wachizungu amene tinkangomutcha Dokotala, ngakhale sankabaya jakisoni. Ankalankhula Chichewa chothyokathyoka chimene anachitola ku Zomba ali mnyamata, ndipo ankakonda kundiimitsa pakhonde kuti ayeserere. Tsiku lina anandiitana mu ofesi yake. Ndinapezamo mnyamata woonda, wa magalasi, amene atandiona anaimirira n'kuwerama mpaka ndinaona pakati pa mutu wake. Palibe munthu wa khungu loyera amene anandiweramirapo chibadwire. Ndinacheuka kuti ndione ngati kumbuyo kwanga kunali bwana wina.

"Mbewe," anatero Dokotala, "uyu ndi Noboru, wachokera ku Japani. Anzake onse amapita ku America ndi ku Mangalande, koma iyeyu wasankha kuno. Akuphunzira mmene anthu obwera kuchokera kumayiko ena amakhalira m'tauni."

"Akuphunzira chiyani, bwana?"

"Mmene inu mumakhalira."

Mumtima ndinadabwa kwambiri. Munthu kuwoloka nyanja zonsezo kudzaona mmene Mbewe amadzukira, kukwera basi ndi kubwerera? Maphunziro ena ndi odabwitsa. Dokotala anapitiriza kuti wamupezera chilolezo kwa Katsekera choti agone kulokeshoni masabata awiri, ndipo akupempha kuti akagone kwanga. Akatha masabatawo, iye mwini adzabwera ndi galimoto kudzamutenga. Mnyamatayo anaweramanso n'kunena m'Chichewa cha m'buku la amishoni, "Bambo, ndikhululukireni chifukwa cha mavuto amene ndidzakupatsani." Ndinamuyankha kuti palibe vuto. Mawu amenewo ndimawakumbukira kawirikawiri.

Sabata yomweyo Namakiyi anandipatsa ntchito ina yatsopano. Anandionetsa chipinda cha kumapeto kwa khonde la pamwamba n'kuti, "Ichi uzichisesa ndi kuchitsegula mawindo Lachisanu lililonse. Mwini wake akubwera." Sindinafunse kuti mwini wakeyo ndani.

Kunyumba a Noboru anali mlendo wosavuta ngakhale pang'ono. Tinawapatsa chipinda cha Esinati, mwanayo n'kubwerera kwa ife. Nsapato ankavulira panja n'kuziyang'anitsa kumsewu. Chakudya chilichonse ankachilandira ndi manja awiri, ngakhale therere limene nkhope yawo inkaoneka kuti ikulimbana nalo. Masana ankayenda m'lokeshoni kucheza ndi madala a ku Malawi ndi a ku Tete, kuwafunsa za kumudzi, za maliro ndi za gule. Madalawo ankasangalala, chifukwa ana awo anali atasiya kale kuwafunsa zimenezo. Masiku ena ankakwera basi limodzi ndi ine kupita ku koleji kukawerenga, madzulo n'kubwerera nane.

Masabata awiri asanathe, Dokotala anathamangitsidwa m'dziko. Zinkachitika nthawi imeneyo kwa aphunzitsi amene boma linkawaganizira kuti amakonda anthu akuda mopitirira. Ndinanyamula ndine masutikesi ake. Anali wosokonezeka, apolisi ataima pambali, ndipo za a Noboru sanatchule. Nanenso sindinafunse.

Tsiku limene chilolezo chinatha, a Noboru anatuluka m'chipinda atavala jekete, n'kuima pamaso panga. "Bambo, ndakuvutitsani mokwanira. Ndikuganiza kuti ndizipita."

Tsono ana anga, mvetsani apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu mlendo akatsanzika, mwini nyumba savomera msanga. Ukangoti "pitani bwino" nthawi yoyamba, ndiye kuti unali utatopa naye. Umakana, iye amaumirira, umakananso, iye n'kunena kuti kunyumba kuli ntchito, ndipo pamenepo umadzuka n'kumuperekeza. Ndi mmene ndinaleredwera. Choncho ndinati, "Aa, mukupita kuti? Mwangofika kumene. Khalani, pano ndi panu." Ndinadikira kuti aumirire. Iwo anandiyang'ana kanthawi, anawerama, anati, "Zikomo kwambiri, bambo," analowa m'chipinda n'kuvula jekete.

Mayi anu anali pakhomo la khitchini, mpeni uli m'manja. Anandiyang'ana n'kubwerera kumphika wawo.

1975, kumapeto kwa chaka

"Musadandaule," ndinawauza mayi anu patapita masiku, "ndikudziwa chochita." Ndinakagula nkhuku yathadzi kumsika, ndinaimanga miyendo, mayi anu anakazinga mtedza n'kuukulunga m'pepala. Aliyense wa kwathu akaona nkhuku yomanga miyendo ndi mtedza wokazinga amadziwa kuti ameneyo ndi kamba wa paulendo. Ndinazipereka kwa a Noboru Loweruka m'mawa, nthawi yabwino ya mabasi. Anazilandira ndi manja awiri, misozi ili lengelenge m'maso. Pofika madzulo anali atakhomera nkhukuyo kakhola ka matabwa pansi pa mtengo wa mapeyala, kokongola kuposa chimbudzi chathu. Lolemba lake anapita m'tauni n'kubwera ndi wailesi yatsopano, yokutidwa bwino m'pepala lamaluwa.

"Ya chiyani imeneyi, a Noboru?"

"Mwandipatsa mphatso, bambo. Sindingakhale chimanjamanja."

Ndinayesanso ndi dengu la mbatata. Anabweza ndi nsalu ya mayi anu. Ndinayesa ndi mpando waung'ono wosema, woti akaonetse kwawo, ndipo ndinanena momveka kuti "mukaonetse kwanu." Anabweza ndi nsapato za Esinati. Mayi anu anati, "Abambo ake a Esinati, lekani. Mukapitiriza, tsiku lina adzabwera ndi galimoto."

Kuseka tinkaseka, koma kunja kunali kutaipa. Nkhondo inali itakula kumalire, anyamata a m'lokeshoni ankangosowa, mawa lake n'kumva kuti awoloka kupita ku Mozambique. Mnansi wathu, bambo Zuze a ku Tete, amene ankasoka nsapato pakhonde pawo, anandiitana tsiku lina pampanda.

"Akulu, Mtchaina wanuyu achoka liti?"

"Si Mtchaina, ndi Mjapani."

"Kwa mapolisa ndi chimodzimodzi. Akuti Matchaina ndi amene akuphunzitsa vakomana, anyamata ankhondo aja, mfuti kutchire. Tsopano inu mwasunga mmodzi m'nyumba, wakugulirani wailesi yogwira Mozambique, ndipo tsiku ndi tsiku akuyenda khomo ndi khomo. Mukuganiza kuti anthu akuti chiyani?"

Tsiku lomwelo pa basi, mnyamata wina wa Chishona amene sindinkamudziwa anakhala pafupi nane n'kunena motsitsa mawu, "Sekuru, munthu wanu uja amalemba zonse zimene anthu akunena. Amakazipereka kwa ndani? Galimoto za kwawo zadzaza m'tauni muno pamene dziko lonse lapansi linatseka malonda. Imi maBhurandaya, chenjerai." Ankatanthauza kuti ife obwera a ku Malawi tichenjere, ndipo ndinatsika basi mawuwo ali m'mutu. Kwa boma ndinali wosunga mphunzitsi wa zigawenga, kwa anyamata ndinali wosunga kazitape wa boma, ndipo munthu amene ankanenedwayo ndinamupeza atanjuta kumbuyo kwa nyumba akudyetsa nkhuku madeya.

1976

Chaka chitangoyamba, wapolisi wa khonsolo anabwera masana kudzandiuza kuti Katsekera akundifuna. Ndinapita Lachisanu nditamaliza kusesa chipinda chija cha kumapeto kwa khonde. Katsekera sanandipatse mpando. Analankhula kudzera mwa womasulira, maso ali pa tebulo.

"Chilolezo cha munthu wako chinatha kalekale. Ndakhala chete chifukwa cha koleji. Tsopano apolisi aboma akundifunsa ine. Pofika Lolemba akhale atachoka, apo ayi uchoke ndiwe."

"Bwana, ndi mlendo."

"Ndiye muuze apite. Chovuta n'chiyani?"

Ndinangotuluka, chifukwa kwa iye panalibedi chovuta. Kunyumba mayi anu, amene nthawi imeneyo anali oyembekezera Yohane, anati, "Ngati inu simungathe, ndikawauza ndine." Ndinawaletsa. Ndinati m'nyumba mwanga mlendo sadzauzidwa ndi mkazi kapena mwamuna kuti atuluke, ndipo kumuuza kuti watibweretsera mlandu n'chimodzimodzi kumuthamangitsa. Bambo anga ku Dedza anasungapo munthu wodwala amene sankamudziwa n'komwe mpaka anachira, ndipo sanamufunsepo tsiku lochoka. Ndinawalonjeza mayi anu kuti Lamulungu ndilankhula ndi a Noboru mwanzeru, ndipo amva okha.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinatulutsa mipando iwiri pansi pa mtengo wa mapeyala.

"A Noboru, mayi anu kumudzi sakukusowani?"

"Akundisowa kwambiri, bambo. Koma amati ndisadzachite mwano kwa anthu amene andisunga."

"Mvula yadukiza masiku ano. Nyengo yabwino ya ulendo."

"Inde, bambo, yabwino kwambiri."

"Ku koleji kuja kuli magetsi usiku wonse. Munthu angawerenge bwino kumene kuja."

"Zoonadi. Koma kuno ndaphunzira zambiri kuposa m'mabuku."

Tinakhala choncho mpaka mthunzi unasuntha. Ine ndinkaponya mawu, iwo ankawalandira ndi manja awiri n'kundibwezera. Kangapo ndinaona ngati akufuna kunena kanthu, koma ankangovula magalasi n'kuwapukuta. Ndinali ndi mantha aakulu otaya nyumba, koma pakamwa panakana kunena kuti "pitani." Ndinaganiza kuti ndi bwino ndikagwade kwa Katsekera kusiyana n'kuthamangitsa munthu amene sanandilakwire. Lolemba ndinavala jekete la ukwati n'kupita kukapempha mwezi umodzi. Sanandilole n'kulowa komwe.

Mkati mwa sabata yomweyo, m'mawa dzuwa litakwera, apolisi a khonsolo anafika ndi loko watsopano. Anayamba kutulutsa katundu n'kumuika pamsewu, bedi, mapoto, wailesi ija. Anansi anaima m'mipanda mwawo. Mayi anu anakhala pa mtolo wa zofunda, Esinati ali pamiyendo, osalira. A Noboru anali atapita kukacheza ndi madala, ndipo atamva anabwera akuthamanga. Wapolisi wina anawauza zonse m'Chingerezi, mosazungulira, mmene ine ndinalepherera. Nkhope yawo inasanduka ngati phulusa. Analowa m'chipinda n'kutuluka nthawi yomweyo ndi sutikesi yomangamanga ndi lamba. Ine amene ndanyamula masutikesi moyo wanga wonse ndinaona kuti pamwamba pake panali fumbi la miyezi.

"Mwalongedza liti, a Noboru?"

"Tsiku lija ndinakutsanzikani, bambo. Sindinamasulenso. Ndinkangotulutsa malaya n'kubwezera."

"Ndiye munkafuna kupita?"

Anayang'ana pansi. "Ndinali ndi chipinda ku koleji. Aphunzitsi anga anandikonzera asanachoke. Koma inu munati ndikhale. Kwathu, munthu wamkulu amene wakusunga akanena choncho, iwe n'kuumirira kuchoka, ndiye kuti ukunena kuti nyumba yake sinakukomere. Kenako munandipatsa nkhuku yamoyo. Ndinati munthu sangandipatse chiweto ngati akufuna ndichoke. Ndinkadikira kuti mundimasule."

"Ine ndinkadikira kuti muumirire!"

"Kuumirira kwa inu, bambo?"

"Chipinda chake chiti ku kolejiko?"

"Cha kumapeto kwa khonde la pamwamba."

Ndinakhala pansi pa msewu pomwepo. Bambo Zuze, amene anamva zonse ali pampanda, anagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba mwawo, ndipo sindikudziwa ngati ankalira kapena kuseka. A Noboru anagwada pafumbi pamaso pa mayi anu mpaka chipumi kugunda pansi. Mayi anu anati, "Dzukani, a Noboru, mutithandize kunyamula bedi."

Anathamangira kwa Katsekera tsiku lomwelo kukapempha, anapita kwa Namakiyi, anapita kulikonse kumene akanatha, koma nyumba inali itapatsidwa kale banja lina. Msuweni wa mayi anu anatipezera chipinda kuseri kwa nyumba ya munthu ku Dzivarasekwa, ndipo m'menemo ndi mmene munabadwira inu atatu. Ntchito sinathe. Lachisanu lotsatira ndinakasesa chipinda chija monga mwa masiku onse, koma ulendo uno nsapato zinali pakhomo, zitayang'ana kukhonde.

Pambuyo pake

Dziko litalandira ufulu, ophunzira a ku Japani anayamba kubwera ndithu pa koleji, ambiri atsikana, okhala miyezi yochepa n'kubwerera. Ndinanyamula masutikesi awo mpaka ndinapuma ntchito, ndipo m'zaka zanga zomaliza anali atayambanso kuchepa. Aliyense ndinkamuuza tsiku loyamba kuti kuno munthu akakuuza kuti khala, uyambe wafunsa kwa mkazi wake. Ankaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za nkhalamba.

Ndaganiza za nkhaniyi zaka zonsezi ndipo sindinapeze wolakwa. Ine ndinachita zimene bambo anga anandiphunzitsa, iwo anachita zimene mayi awo anawaphunzitsa, ndipo nyumba inapita. Mtengo wa mapeyala uja ulipobe. Ndinauona chaka china ndikupita kumaliro ku Mabvuku, pafupi ndi Tafara, wakula kupitirira denga, ndipo mtima unandipweteka.

A Noboru anachoka m'dziko muno chakumapeto kwa 1976. Tsiku lomaliza anabwera ku Dzivarasekwa kudzatsanzika, atanyamula nkhuku ija m'katoni kuti atisiyire. Malo okhala munalibe, choncho anakhala pa bedi, Yohane ali wakhanda pambali pawo. Tinamwa tiyi. Kenako anaimirira, anamanga mabatani a jekete, anawerama n'kuti, "Bambo, mayi, ndakuvutitsani mokwanira. Ndikuganiza kuti ndizipita."

Ana anga, sindikunama, pakamwa panga panatseguka pokha. "Aa, mukupita kuti? Mwangofika ku..."

Mayi anu anandiponda phazi mwamphamvu mpaka chala chinatupa sabata yonse. Anatsegula chitseko, anatola nsapato za mlendo n'kuwapatsa m'manja.

"Pitani bwino, a Noboru," anatero. "Basi yake ndi ya pakona apo."